Mmene bala limapolera, ndi mmene khansa imayambira

Munthu aliyense wolima anadzitemapo. Khasu limaphonya chiputu cha chimanga n'kugwera pachala cha kuphazi. Magazi amatuluka, munthu n'kumanga kansanza, n'kupitiriza mzere wake. Pakatha masiku atatu pamauma nkhanambo. Pakatha masabata awiri nkhanambo ija yagwa, pansi pake pali khungu latsopano. Palibe amene wasoka. Thupi ladzisoka lokha.

Komatu chodabwitsa si kupola kokha ayi. Thupi limadziwanso polekera. Khungu latsopano likakumana pakati, limaima. Silipitirira kukula mpaka kuumba chulu pachala panu. Nanga amaliuza ndani kuti basi, pakwana?

Akatswiri ofufuza za thupi alimbana ndi funso limeneli kwa zaka zambiri, chifukwa yankho lake limafotokozanso za khansa. Kuchipatala cha ku Ulónguè kapena cha ku Tete mudzamva anamwino akunena kuti cancro m'Chipwitikizi. Ndi matenda omwewo. Zimene ofufuza apeza n'zakuti khansa si chilombo cholowa m'thupi kuchokera kunja. Ndi maselo athu omwe, ogwira ntchito yofanana ndi yopoletsa bala, koma osadziwanso kuleka.

Njerwa zamoyo

Nyumba imamangidwa ndi njerwa. Thupi limamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo. Limodzi ndi selo, m'Chipwitikizi célula. Simungalione ndi maso, pokhapokha pamakina okuza zinthu otchedwa maikulosikopu. Njerwa za nyumba n'zakufa, koma maselo ndi amoyo. Amadya, amakalamba, amafa, ndipo amaberekana. Kuberekana kwake n'kugawikana: limodzi limasanduka awiri, awiriwo n'kusanduka anayi.

Ntchito imeneyi siima usana ndi usiku. Maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120. A m'kati mwa matumbo satha ndi sabata yomwe. Mu 2021 ofufuza awiri a ku Israel, Ron Sender ndi Ron Milo, anawerengetsa kuti thupi la munthu wamkulu limapanga maselo atsopano pafupifupi 4 miliyoni pa sekondi iliyonse.

M'kati mwa selo muli malangizo ouza selolo zochita. Asayansi amawatcha DNA. Malangizowa analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, koma zimabwerezedwa mosinthanasinthana mpaka kukwana zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Zigawo zake amazitcha majini. Musadzidzimuke, si majini a mizimu aja ayi, dzina lokha ndiye lafanana. Jini ili ngati chiganizo chimodzi m'buku la malangizo.

Selo likafuna kugawikana limayamba lakopera zilembo zonsezo, kuti mwana wake akhale ndi buku lakelake. Inu amene mwakhala mukukopera mawu pabolodi mukudziwa mmene zimakhalira. Mukalakwitsa chilembo chimodzi, "kulima" kumasanduka "kulira". Selo nalo limalakwitsa. Lili ndi okonza ake amene amayenda m'mizere n'kufufuta zolakwa, ndipo zambiri zimakonzedwa. Zotsala zambiri sizivulaza. Koma cholakwa chikagwera pa jini yolamula kugawikana, mavuto akhoza kuyamba.

Zimene zimachitika m'bala

Tibwerere kuchala chija. Khasu likangodula mtsempha, timaselo tina ta m'magazi timathamangira pamalopo n'kumatirirana. Ulusi wopyapyala umalukana ngati ukonde, magazi n'kuundana. Pamwamba pake pakauma, ndiye nkhanambo.

Kenaka amafika asilikali a m'thupi, maselo oyera a m'magazi. Amapha tizilombo, amadya litsiro ndi maselo akufa. Pamalopo pamatupa, pamatentha, pamapweteka. Kutupa kwa masiku oyambirira si chizindikiro choipa, ndi ntchito ili m'kati. Asilikali akatha kuyeretsa sachoka msanga. Amatulutsa timankhwala touza maselo oyandikana nawo kuti dzukani, gawikanani, pano pagumuka. Timitsempha tatsopano ta magazi timamera kubweretsa chakudya, n'chifukwa chake pansi pa bala lopola bwino pamaoneka mnofu wofiira. Maselo ena amayala ulusi wolimba, umene pambuyo pake umakhala chipsera.

Ndiye pali chinthu china chachilendo. Masiku onse maselo a khungu amakhala ogwirana zolimba, lililonse pamalo pake. Koma a m'mphepete mwa bala amamasuka, n'kuyamba kukwawa kulowera pakati. Akakumana ndi anzawo ochokera tsidya lina amaima, n'kugwirananso. Asilikali amabwerera. Timitsempha tosafunika timafota. Chipsera chimalimba pang'onopang'ono kwa miyezi, ngakhale sichifika pa kulimba kwa khungu loyamba.

Maselo atsopanowa amachokera ku maselo apadera okhala pansi pa khungu ndi m'mizu ya tsitsi. Tingawatche maselo ambewu, chifukwa ali ngati chimanga chimene mumapatula kuti mudzabzale. Mu 2017 Shruti Naik ndi Elaine Fuchs, a pa Rockefeller University ku New York, anapeza kuti maselo ambewu amakumbukira. Khungu la mbewa limene linatupapo kale linkapola msanga kuposa limene silinatupepo, ngakhale patapita miyezi. Chifukwa chake n'chakuti masamba ena a buku la DNA, amene anatsekulidwa pa kutupa koyamba, anatsala chitsekukire. Paja amati madzi saiwala khwawa. Kukumbukira kotereku n'kothandiza, koma ofufuza akuona kuti selo lokhala chire nthawi zonse limathanso kudzuka pamene silikufunika.

Mabuleki

Amene anatsetserekapo m'mapiri a ku Dómuè ndi njinga yonyamula matumba a kachewere akudziwa kuti kupalasa kokha sikukwanira. Pafunika mabuleki. M'selo mulinso majini opalasa, ouza selo kuti gawikana, ndi majini a mabuleki, ouza selo kuti ima. Khansa imayamba pamene opalasa akakamira ndipo mabuleki aduka. Cholakwa chimodzi sichikwanira. Zimaunjikana chimodzichimodzi kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake khansa zambiri zimagwira anthu achikulire.

Buleki yodziwika kwambiri amaitcha p53. Inapezeka mu 1979. Ikaona kuti DNA yawonongeka imaimitsa selo kuti okonza agwire ntchito. Zikakanika kukonzeka imalamula selolo kuti lidziphe, thupi lonse lipulumuke. Pa khansa zonse za anthu, pafupifupi theka zimapezeka kuti p53 yake inawonongeka.

Njovu ili ndi maselo ochuluka kwambiri kuposa munthu, ndipo imakhala zaka zambiri. Tikanayembekeza kuti izidwala khansa kawirikawiri, koma ayi. Mu 2015 Joshua Schiffman ndi anzake ku Utah, ku America, anaonetsa kuti njovu ya ku Africa ili ndi makope pafupifupi 20 a jini ya p53, pamene munthu ali ndi imodzi yokha, yochokera kwa mayi ndi kwa bambo. Maselo a njovu sachedwa kudzipha akawonongeka. Ife mabuleki athu ndi ochepa, ndipo muona m'munsimu kuti zinthu ziwiri zofala kwathu kuno zimalimbana ndi buleki imeneyi.

Bala losapola

Tsopano taonani zimene chotupa cha khansa chimachita. Maselo ake amagawikana. Chimaitana timitsempha tatsopano kuti tichidyetse. Chimakopa asilikali a m'thupi n'kuwagwiritsa ntchito yake. Maselo ake amamasuka n'kukwawa, mpaka kulowa m'mitsempha n'kukamera kuchiwindi, m'mapapo kapena m'mafupa. Zonsezi mwaziona kale m'bala lija. Mu 1986 dokotala wina wa ku Boston, Harold Dvorak, analemba kuti chotupa cha khansa chili ngati bala limene silipola.

Chaka cha 1985 gulu la Mina Bissell ku Berkeley, ku California, linayesa pa nkhuku. Anazibaya kachilombo koyambitsa khansa ya nkhuku. Kachilomboko kanayenda thupi lonse, koma chotupa chinamera pobaya pokha. Atacheka kabala paphiko lina, chotupa chinameranso pabalapo. Pamene panalibe bala, panalibenso chotupa.

Kafukufuku wa zaka zaposachedwa wawonjezera zimene palibe ankayembekeza. Mu 2018 Iñigo Martincorena ndi anzake, a pa Sanger Institute ku England, anawerenga DNA ya m'mmero mwa anthu amene sanadwale khansa ya kummero. Mwa achikulire, malo oposa theka a khungu la m'kati mwa mmero anali ndi maselo okhala ndi zolakwa. Ndiye kuti tonsefe tikuyenda ndi maselo olakwika, koma ambiri amangogona mpaka munthu kumwalira ndi ukalamba. Funso tsopano ndi lakuti, chimawadzutsa n'chiyani?

Yankho lina linabwera mu 2023 kuchokera ku gulu la Charles Swanton, pa Francis Crick Institute ku London. Iwo ankafuna kudziwa chifukwa chake anthu osasuta fodya amadwalanso khansa ya m'mapapo. Anapeza kuti fumbi losalala kwambiri la mu utsi limatupitsa mapapo. Asilikali amathamangirako n'kufuula uthenga womwe uja wa m'bala, wakuti dzukani, gawikanani. Selo lolakwika limene linali m'tulo limamva nawo, n'kudzuka. Kafukufukuyu anali wa mpweya woipa wa panja, wochokera ku magalimoto ndi mafakitale. Koma utsi wa nkhuni nawo uli ndi fumbi losalala lotere, ndipo mukudziwa mmene timatsekera chitseko cha khitchini mu June ndi July, mphepo ikamaluma. Kazenera kapena mpata kudenga si chinthu chaching'ono kwa mayi wophika tsiku ndi tsiku ndi mwana kumsana.

Khansa ya kummero

Dziko la Malawi, limene tayandikana nalo pa Calómuè, lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Anthu a ku Dedza ndi Ntcheu amadya ndi kumwa zofanana ndi ife, choncho nkhaniyi ndi yathunso. Munthu amayamba kutsamwa nsima, kenaka phala, pomaliza madzi omwe.

Mu 2021 ofufuza anawerenga DNA ya zotupa 552 za kummero zochokera m'mayiko 8, kuphatikizapo Malawi, Tanzania ndi Kenya. Ankaganiza kuti apeza chidindo cha poizoni wina wobisika m'zotupa za kuno. Sanachipeze. Zolakwa za m'zotupa za ku Malawi zinali zofanana ndi za ku England, kumene khansa ya mtundu umenewu si yofala. Izi zikulozera ku kuvulala kobwerezabwereza kwa mmero. Kafukufuku wina wa ku Malawi ndi Tanzania anapeza kuti anthu okonda tiyi ndi phala lotentha kwambiri, omeza osadikira, ankadwala kwambiri kuposa anzawo. Kuyambira 2016 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, limati zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa. Kachasu ndi fodya n'zodziwika kale kuti zimawononga mmero, ndipo zikaphatikizana zimaipa koposa. Kudikira mphindi zochepa kuti tiyi apoleko sikudya ndalama.

Chuku ndi chiwindi

Chiwindi ndi katswiri wodzikonza. Madokotala akhoza kudula magawo awiri mwa atatu, chotsalacho n'kukula kubwerera pafupifupi pa msinkhu wake. Koma chiwalo chimene chimakonzedwa kosalekeza chimakoperanso zilembo kosalekeza.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madokotala owerenga odwala khansa ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, anapeza kuti khansa ya chiwindi inali yochuluka modabwitsa, makamaka mwa amuna, ena a iwo anyamata. Nthawi yomweyo, mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Ofufuza anapeza poizoni wotuluka mu chuku chomera pa mtedza ndi chimanga. Anamutcha aflatoxin. Pambuyo pake, ku Inhambane, ofufuza anayesa chakudya cha m'makomo n'kupeza kuti kumene poizoniyu anali wambiri, khansa ya chiwindi inalinso yambiri.

Mu 1991 nkhaniyi inafika pa chilembo chenicheni. Ofufuza anawerenga jini ya p53 m'zotupa za chiwindi za odwala a kumwera kwa Africa, ena a iwo a kuno ku Mozambique, ndiponso a ku Qidong ku China. M'zotupa zambiri anapeza cholakwa chimodzimodzi pamalo amodzimodzi, malo a nambala 249. Chilembo G chinali chitasanduka T. Ndi chidindo cha poizoni wa chuku. Chilembo chimodzi chokha, buleki n'kuduka.

Poizoniyu amaopsa kwambiri mwa munthu amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamatupitsa chiwindi kwa zaka. Kachilombo kamasunga bala, chuku n'kudula buleki. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera amene makanda amalandira kusikelo. Za chuku zili m'manja mwa mlimi. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'nkhokwe kapena m'thumba. Yanikani pamphasa kapena pathandala, osati padothi. Matumba asagunde pansi kapena khoma lonyowa. Musanyowetse mtedza kuti usavute kusenda. Sankhani n'kutaya njere zowola, zofota ndi zosintha mtundu. Apa pali cholakwa chimene ambirife timachita: zabwino timapita nazo kumsika, zoipa n'kusinja nsinjiro za ana, kufulula mowa kapena kupatsa ziweto. Poizoniyu samva moto. Kuphika ndi kukazinga sikumuthetsa, ndipo ng'ombe ikadya amatulukira mumkaka.

Khomo la chiberekero

Khansa imene imagwira amayi ambiri ku Mozambique ndi ya khomo la chiberekero, m'Chipwitikizi cancro do colo do útero. Ndi imenenso asayansi akuidziwa bwino kuposa zina, ndipo ndi yopeweka.

Mu 1983 ndi 1984 Harald zur Hausen ndi anzake ku Germany anapeza m'zotupa za amayi mitundu iwiri ya kachilombo kotchedwa HPV, mtundu 16 ndi mtundu 18. Mitundu iwiriyi imayambitsa khansa 70 mwa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Iye analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Kachilomboka kamalowa pa timing'alu ting'onoting'ono ta khungu, n'kukafika ku maselo ambewu. Kamafuna kuti selo lizigawikana kuti nako kachulukane. Choncho kamatulutsa chinthu chotchedwa E6, chimene chimagwira p53 n'kuiphwanya. Chuku chimalemba chilembo cholakwika, HPV imangochotsa buleki yonse.

HPV imafala pokhala malo amodzi mwamuna ndi mkazi. Pafupifupi munthu aliyense wamkulu amaitengapo nthawi ina, ndipo mwa ambiri asilikali a m'thupi amaichotsa pasanathe zaka ziwiri, munthu osadziwa n'komwe. Mwa ochepa imakhalitsa. Kuchokera pamenepo kufika pa khansa pamatenga zaka 15 mpaka 20. Mwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga wa HIV amene sakumwa mankhwala, zikhoza kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Bungwe la WHO limati mayi wa HIV ali pachiopsezo kuwirikiza ka 6 kuposa mnzake. Kumwa ma ARV mokhulupirika kumabwezera mphamvu asilikali.

Abambo, apa mvetsetsani. Mwamuna amanyamula kachilomboka popanda chizindikiro chilichonse. Mayi akapezeka nako si umboni woti wayenda molakwika, chifukwa kakhoza kukhala kanalowa zaka zambiri zapitazo, ukwati usanayambe n'komwe. Kukalipa sikuthandiza. Chothandiza ndi ndalama yoyendera kuchipatala.

Zaka zimene matendawa amachedwa ndizo mwayi wathu. Maselo amayamba asintha asanasanduke khansa, ndipo kusinthako kumaoneka. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Malo osintha amayera. Njira yatsopano ndi yoyeza kachilombo ka HPV komweko, ndipo m'malo ena mayi amadzitenga yekha zoyezedwazo ndi kathonje. Malo oyera aja akapezeka, amawaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, kapena kuwatentha ndi kachitsulo kofika madigiri 100 kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Chipatala cha Nkhoma ku Malawi, kufupi ndi Dedza, chinayamba njira yotenthayi mu 2013, ndipo chinaonetsa kuti mayi akhoza kuyezedwa n'kuthandizidwa tsiku lomwelo. Taonani nzeru yake: namwino amapanga dala kabala kakang'ono, kupha maselo olakwika, n'kusiyira thupi kuti litseke pamalopo ndi maselo abwino. Pamatuluka timadzi kwa masabata angapo, ndipo banja liyenera kudikira pafupifupi mwezi kuti papole. Chiberekero chimatsala, mayi akhoza kuberekabe.

WHO imalangiza kuti mayi ayambe kuyezedwa pa zaka 30, ndipo wa HIV pa zaka 25, ngakhale asakumva kupweteka kulikonse. Koma mukamataya magazi mutakhala malo amodzi ndi abambo, kapena pakati pa mwezi, kapena mutasiya kale kusamba, kapena mukamatuluka madzi onunkha, musadikire zaka zimenezo. Pitani sabata yomweyo.

Ndiye pali katemera. Anapangidwa ndi chikhungwa cha kachilombo chopanda kanthu m'kati, ngati chikoko cha mtedza chopanda njere. Sichingadwalitse munthu. Asilikali amachiona, n'kuphunzira nkhope ya mdani asanabwere. N'chifukwa chake amabaya atsikana aang'ono. Malawi anayamba kubaya m'dziko lonse mu 2019, Mozambique mu November 2021, kuyambira atsikana a zaka 9. Ena amanong'ona kuti katemerayu amatseka kubereka. Katemera woyamba anatuluka mu 2006, atsikana mamiliyoni ambiri abayidwa, ndipo kafukufuku sanapeze kuti amalepheretsa kubereka. Chimene chimachotsetsa chiberekero ndi khansa. Ku Sweden, kafukufuku wa 2020 anaonetsa kuti mwa atsikana obayidwa asanakwane zaka 17, khansayi inachepa ndi 88 pa 100. Ku Scotland, mu 2024, sanapeze ndi mmodzi yemwe wodwala khansayi mwa amene anabayidwa ali ndi zaka 12 kapena 13. Kafukufuku wa ku Kenya anaonetsa kuti jakisoni mmodzi yekha amateteza kwambiri, ndipo mu 2022 WHO inavomereza zimenezi. Atsikana a HIV amafunika jakisoni woposa mmodzi.

Mankhwala

Mankhwala akale a khansa amapha maselo ogawikana msanga. Amaphanso ena abwino, a tsitsi ndi a m'matumbo, n'chifukwa chake wodwala amathothoka tsitsi ndi kuchita nseru. Tsitsi limameranso. Mankhwala atsopano amayesa kumasula asilikali a m'thupi amene chotupa chawagoneka, ndipo James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha njira imeneyi. Tinene zoona: ndi odula kwambiri, ndipo sagwira pa khansa iliyonse. Makina ootcha chotupa ndi cheza anayamba kugwira ntchito pa Hospital Central de Maputo mu 2019, koma Maputo ndi kutali ndi Angónia. Kwa ife, kupewa ndi kufulumira kuchipatala n'zamphamvu kuposa mankhwala amene sitingawafikire.

Kodi mpeni umakwiyitsa khansa?

Wina atawerenga za nkhuku zija akhoza kuganiza kuti kucheka chotupa n'kuchidzutsa. Mantha amenewa ndi ofala, ndipo pali chimene chimawabweretsa. Anthu ambiri amafika kuchipatala matenda atafala kale, amachitidwa opaleshoni, n'kumwalira pasanapite nthawi. Achibale n'kunena kuti wapha ndi mpeni. Koma chinapha ndi kuchedwa. Chotupa chimene sichinafale, dokotala akachichotsa chonse pamodzi ndi mnofu wozungulira, munthu amachira ndithu. Bala la opaleshoni ndi loyera, limapola n'kutseka. Choopsa ndi bala lokhala zaka likutsekuka, ndiponso mphini zotemedwa pachotupa, zimene sizichotsa kanthu koma zimadya miyezi.

Khansa sipatsirana pogwirana chanza, kudyera mbale imodzi kapena kusamalira wodwala. Ndipo si chotupa chilichonse chimene ndi khansa, zambiri si khansa ayi. Koma maso okha sangasiyanitse. Kambulu kolimba m'bere, nsagwada kapena mimba ya mwana yotupa msanga, mawanga akuda otukumuka m'miyendo kapena m'kamwa, chakudya chokakamira pammero, zonsezi n'zokaonetsa. Chimodzimodzi chipsera chakale cha moto, monga cha munthu amene anagwera pamoto ali mwana kapena chifukwa cha khunyu. Chikatsekuka patapita zaka 20 kapena 30 n'kukana kupola, chikhoza kukhala khansa ya khungu. Abale athu achialubino, amene dzuwa limawotcha khungu lawo tsiku ndi tsiku, asamadikire ndi kachilonda kalikonse.

Kuti adziwe zoona, dokotala amadula kachidutswa kakang'ono, m'Chipwitikizi biópsia, n'kukatumiza kulabotale kuti akaone maselo pa maikulosikopu. Zotsatira zikhoza kutenga masabata. Ambiri amatayika panthawi imeneyi, amabwerera kumudzi osapitanso. Musanatuluke m'chipinda, funsani namwino tsiku lobwerera ndi chipinda chokafikira, ndipo mum'pemphe alembe pakhadi lanu ndi zilembo zikuluzikulu, kuti mukafika kunyumba mukawerenge nokha.